Amene Anapatsa Kalaliki Kiyi wa Seva

"Bwana wa matayala uja ali ndi ngongole yanga, ndipo si ya ndalama ayi. Anatenga dzina la mwana wanga n'kuliponda pamaso pa antchito onse. Alibweza pamalo pomwepo pamene analipondera."

Ankalankhula choncho Mayi Nsapato m'mawa wa Lachinayi, uku akukhuthula thumba la nsapato za kaunjika pa benchi lawo. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pamsika. Sukulu anangoinunkhiza, koma palibe munthu anagulapo nsapato kwa iwo n'kuchoka akudzitama kuti wawadyera.

Mwana wawo wamkazi, kalaliki wa pa kampani yogulitsa matayala, anali atakhala pa kreti kuseri kwa benchilo, khanda lili kubere, maso atatupa ndi kulira. Nkhani yake inali iyi. Loweruka masana, kampani itatseka, matayala makumi anayi a malole anasowa m'nyumba yosungiramo katundu. Bwana atati tione zomwe makamera anajambula, anapeza za tsiku limenelo zafufutidwa. Chikompyuta chachikulu chosunga zonse za pakampanipo, chomwe amachitcha seva, chinaloza kalaliki: linafufuta ndi dzina lake, Lolemba nthawi ya nkhomaliro. Kiyi wapadera wa geti ankakhalanso m'kabati mwake. Lachitatu bwana anasonkhanitsa antchito pabwalo, anamutcha wakuba, n'kumupatsa mpaka Lachisanu masana kuti atchule anzake. Akapanda kutero, apolisi.

"Siya kumina, yankha," anatero Mayi Nsapato. "Lolemba pa nkhomaliro unali kuti?"

"Pompano, amayi. Ndinkayamwitsa, monga masiku onse."

"Unawauza?"

"Akuti umboni wa mayi ake a munthu si umboni."

"Asatero! Nanga chimakina chawocho, aliyense akhoza kungofika n'kufufuta?"

"Ayi. Aliyense ali ndi dzina lake lolowera ndi pasiwedi yake, mawu achinsinsi aja. Koma enafe ndife anthu wamba. Ine ndimangolemba katundu wolowa ndi wotuluka. Chaka chatha ndinafuna kufufuta chikalata chomwe ndinalakwitsa, chinandikaniza, chinati ndilibe chilolezo. Ofufuta ndi adimini okha."

"Adimini ndiye ndaninso? Kwawo n'kuti?"

Kalaliki anatsala pang'ono kuseka. "Si munthu, amayi, ndi udindo. Tinene kuti ndi kiyi wamkulu wotsegula zitseko zonse za mu seva. Ali naye ndi awiri basi: bwana, amene sadziwa n'komwe poyatsira kompyuta, ndi Wamawaya, bambo wokonza makompyuta uja."

Mayi Nsapato anaima, nsapato imodzi ili m'manja.

"Chaka chatha chitseko chinakukana. Lolemba chakuvomera. Kiyi wamkuluyo anakupatsa liti?"

"Sanandipatse."

"Anakupatsa, iwe osadziwa. Munthu akakuikira fupa m'thumba mwakabisira si chikondi, akufuna agalu alondole iwe. Nanga mawu ako achinsinsiwo unauza ndani?"

"Palibe, ndikulumbira."

"Sindinati lumbira. Unawalemba penapake?"

Kalaliki anayang'ana khanda.

"Wamawaya amati tizisintha mwezi uliwonse, ndiye azikhala aatali, zilembo, manambala, timizere. Munthu ungasunge zonsezo m'mutu? Ndinamata kapepala kunsi kwa kiyibodi. Tonse timatero."

"Zaka zonse zija ndakhala ndikupsa ndi dzuwa pano, kuti ukaphunzire kubisa kiyi pansi pa chopondera cha pakhomo!" Anaponya nsapato ija pa mulu, anamanga mpango. "Khala pa benchi. Zachikopa usatsitse mtengo ngakhale alire. Ndikufuna ndione amene amagawa makiyi kwa anthu osapempha."

*

Mlonda wa pageti anali bambo wa imvi, wokonda buku lake kuposa mkazi wake. Anawaona ali patali, anayamba kale kukweza dzanja.

"Malamulo, mayi. A banja la woimitsidwa ntchito saloledwa mkati."

"Ndani wati ndikufuna kulowa? Muli chiyani mmo choti n'kusirira? Ndabwera kwa inu, achimwene. Akuti pakampani pano wodziwa zinthu ndinu, enawo amangodya malipiro."

Mlonda anakonza chipewa.

"Zimenezo sindingatsutse."

"Loweruka munali kuti matayala akuyenda?"

"Kunyumba, mwalamulo. Loweruka ndimaweruka wani koloko, mnzanga amalowa sikisi. Pakatipo amalondera ndi makamera. Bwana anati kamera siidya, siidwala, siipempha tchuthi. Ndiye onani, kamera yawo yaiwala zonse, ine buku langa likukumbukira mpaka njinga ya wogulitsa nthochi."

"Ndiye likumbukire za Wamawaya. Anaponda liti pano?"

Mlonda ananyambita chala, anatembenuza masamba mwaulemu ngati akufuna nyimbo m'tchalitchi.

"Dzulo, kudzatulutsa pepala lomwe linamanga mwana wanu. Kupatula apo, sabata zitatu osaoneka."

"Ndiye si iyeyo?"

"Aa, ameneyo salira geti, mayi. Amalowa mu seva ali kwawo, kudzera pa waya. Ndakhala ndikudandaula. Munthu wolowa pa waya ine ndingamulembe bwanji m'buku?"

Asanayankhe, chitseko cha ofesi chinatseguka. Panatuluka bambo wamtali, malaya oyera osita bwino, kamtengo ka machesi kali pakona pa mlomo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pageti, n'kugwira dzanja la Mayi Nsapato ndi manja awiri.

"Ndinu amake a kalaliki wathu? Pepani, mayi, tonse zatikhudza. Mwana wabwino, waulemu. Anyengedwa ndi anyamata a m'tauni basi. Mumuuze angowatchula, ine ndikamupepesera kwa alamu, za apolisi zitha."

"Zikomo, bambo. Mulungu akusungeni mmene mwamusungira mwana wanga."

Bamboyo atabwerera mkati, Mayi Nsapato anafunsa: "Ameneyo ndani wolankhula ngati akudzoza mafuta?"

"Akapitawo," mlonda ananong'ona. "Mlongo wa akazi a bwana. Musawatchule, ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume."

*

Kuseri kwa mpanda kunali ngalande, ndipo pa ngalandepo mayi wokolopa ankataya madzi a m'ndowa. Anali wochepa thupi, wolankhula motsitsa mawu, maso ali uku ndi uku.

"Ine sindinena za anthu, mayi. Ndine wa kwaya."

"Ndi bwino. Za anthu zisiyeni. Ndiuzeni za pansi, poti pansi mumakolopa ndinu."

Mayiyo anafinya chikolopa nthawi yaitali. Kenako maso ake anatsikira pa chikwama cha Mayi Nsapato.

"Akuti mumakhala ndi nsapato zasukulu zakuda. Wanga wachiwiri akupita ndi patapata."

"Amavala nambala chiyani?"

"Folo."

Mayi Nsapato anapisa m'chikwama, momwe simunkasowa katundu, anatulutsa nsapato imodzi yakuda, yakumanzere.

"Nayi. Inzake mawa, mukanena pamaso pa bwana zomwe mundiuze pano."

"Imodzi? Mwana ayenda bwanji?"

"Adumphe mpaka mawa. Nenani."

Wokolopa anabisa nsapato ija m'ndowa ina youma.

"Mwana wanu ndi wamfupi ngati ine. Mpando wake umakhala wokweza mpaka pamapeto. Ndikamakolopa ndimaulowetsa pansi pa tebulo, umakakamira. Masiku awiri ndinaupeza wotsitsa, unalowa wokha, fyuu. Ndinati kodi mwanayu watalika usiku umodzi?"

"Masiku ake ati?"

"Lolemba lapitali, itangotha nkhomaliro. Ndi Lachiwiri la sabata yatha, chakum'mawa. Ndikukumbukira chifukwa Lachiwiri ndimatsuka mawindo, ndiye anandiuza kuti ndiyambe ndi kuchimbudzi."

"Anakuuzani ndani?"

"Ndati sindinena za anthu. Koma pansi pa tebulopo, masiku onse awiri, ndinasesa timitengo ta machesi totafuna. Tosayatsa, mitu ili yonse. Mwana wanu satafuna machesi."

Mayi Nsapato sanafunsenso. Mutu wawo unali pa Lachiwiri lija. Tsiku limenelo pa benchi panalibe khanda mpaka masana. Anakumbukira bwino, chifukwa anagulitsa mapeyala asanu popanda wolira kumsana.

Anatulutsa foni, anaimbira mwana wawo. "Iwe, Lachiwiri la sabata yatha mwana unapita naye kuti?"

"Ku sikelo, amayi. Tinachoka kuchipatala cha m'ma wani."

"Khadi lake lili kuti?"

"M'chikwama cha matewera."

"Ulisunge kuposa mmene unasungira pasiwedi."

*

Wamawaya ankagwirira ntchito m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya utoto. Makompyuta otumbulidwa anali mbwee, mawaya akulendewera ngati matumbo pa butchala. Mwini wake anali bambo wonenepa, wa magalasi, ndipo atangomva kuti mlendoyo ndi ndani, thukuta linayamba ngakhale kuti chokupizira mphepo chinkazungulira pamutu pake.

Mayi Nsapato anayamba ndi kumuyang'ana pakamwa. Panalibe machesi. Anasuzumira pansi pa tebulo. Panali makoko a mtedza ndi tizomangira basi.

"Mayi, ine ndilibe mbali," anayamba mofulumira. "Seva imalemba chilichonse chochitika, ndani, liti, pa kompyuta iti. Bwana anati tulutsa amene wafufuta, ndinatulutsa. Seva siinama."

"Sikelo ya pamsika nayonso siinama, koma imayeza zokhazo waikapo. Munaifunsa amene anafufuta. Munaifunsa amene anamupatsa mphamvu zofufutira?"

"Zimenezo n'zovuta kufotokoza kwa munthu woti... ndi zaukatswiri, mayi."

"Woti sanaphunzire? Nenani, sindilumidwa ndi mawu. Ndakhala pansi, ndipo sindinyamuka. Tulutsani tsamba la Lachiwiri la sabata yatha, chakum'mawa."

Bamboyo anavula magalasi.

"Wakuuzani ndani za Lachiwiri?"

"Inuyo, pompano, ndi nkhope yanuyo. Kiyi wamkulu amaperekedwa bwanji? Fotokozani ngati mukuuza mbuzi."

Wamawaya anakhala pa mpando.

"Ndi mzere umodzi basi. Ndimalowa ine ndi dzina langa, ndimalemba lamulo loti uje alowe m'gulu la ma adimini, ndadina, zatha. Mphindi imodzi siikwana."

"Mphindi imodzi! Kugula tomato kumatenga nthawi kuposa apo. Ndiye aliyense akapempha mumangodina?"

"Ayi, pali lamulo. Pamafunika pepala losayina bwana. Koma tsiku limenelo foni inabwera, akuti pulinta yatsopano yakana, makasitomala ali pamzere, kalaliki akufuna aike pulogalamu yake koma seva ikumukaniza. Akuti bwana avomera, pepala litsatira. Ine ndinali kutali, ndinakwera makwerero, ndikumanga waya kwa kasitomala wina. Ndinatsika, ndinatsegula laputopu, ndinadina. Ndinati madzulo ndichotsa."

"Munachotsa?"

"Ndinaiwala."

"Pepala linabwera?"

Anapukusa mutu.

"Mukamupatsa munthu kiyi, mumadziwa bwanji kuti watsegula?"

"Ndiye mwambo wanga umenewo, sindidula foni ndisanatsimikize. Munthuyo amatuluka, n'kulowanso, n'kuyesa lamulo limodzi la adimini. Makina amamufunsanso pasiwedi yake. Ndinadikira pa foni, ndinamva kiyibodi ikulira, kenako akuti, wayesa, zatheka. Seva inalembanso: ndinapereka 10:15, anayesa 10:17, pa kompyuta ya pa tebulo lake."

"Mawu a mwana wanga munawamva?"



"Ayi."

"Simukanawamva. 10:17 anali pa mzere kuchipatala, mwana ali pa sikelo. Khadi lilipo, chidindo chilipo. Anaimba ndani?"

"Mayi, ndili ndi ana anayi. Kampani imeneyi ndiyo imandidyetsa. Bwana akadziwa kuti ndinapereka popanda pepala, ndatha. Ndipo munthuyo... khoswe wa pa mkhate sapheka, mukudziwa inunso."

Mayi Nsapato anakokera mpando pafupi, anatsitsa mawu monga amachitira kasitomala akafika pa mtengo womaliza.

"Tamverani, bambo. Mawa ndikaika khadi pa tebulo la bwana. Aona kuti mwana wanga kunalibe. Ndiye afunsa kuti anatsegula chitseko ndani, ndipo seva yanu yosanamayo itchula inu. Matayala makumi anayi agwera pamutu panu nokha, winayo akutafuna zake. Mu ofesi imeneyo mulowa ndithu. Musankhe: mulowa ngati mboni kapena ngati wakuba. Mtengo ndi umenewo, sindichotsera."

Wamawaya anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi. Kenako anatenga foni yake, anafufuza nambala imene inamuimbira tsiku lija, n'kuwapatsa.

"Musandionetse tizilembo ngati nyerere," anatero Mayi Nsapato. "Musungeni mmenemo. Mawa timuitana, ayankha yekha."

*

Lachisanu naini koloko anafika pageti atatu: Mayi Nsapato khanda lili kumsana, kalaliki, ndi Wamawaya atakumbatira laputopu ngati chishango. Mlonda anatsegula pakamwa kuti atchule malamulo.

"Tengani buku lanu, achimwene, lero likalankhula pamaso pa bwana," anatero Mayi Nsapato. Mlonda anatseka pakamwa, anatenga buku.

Bwana anali munthu wa khosi lalifupi, wolankhula ngati akulipira liwu lililonse. Pambali pake panakhala akapitawo, mwendo pa unzake, kamachesi pamlomo. Wokolopa ankapukuta windo lomwe linali loyera kale.

"Wabwera kudzatchula mayina?" anafunsa bwana. "Ndilibe nthawi."

"Inenso ndasiya benchi ndi mnzanga wosadziwa mitengo. Ndifunse chimodzi, bwana. Mwana wangayu munamupatsa inu kiyi wamkulu wa seva?"

"Kiyi wanji? Ine sindinapatse munthu kanthu."

"Popanda kiyi ameneyo sakanafufuta ngakhale chithunzi cha mphaka. Bambo inu, nenani."

Wamawaya ananena zonse, mawu akuthamangitsana: foni, pulinta, mzere umodzi, pepala losabwera. Anatembenuza laputopu kuti bwana aone 10:15 ndi 10:17. Khosi la bwana linayamba kufufuma.

"Popanda siginecha yanga? Anakuimbira ndani?"

"Imbani nambalayo," anatero Mayi Nsapato.

Wamawaya anadina. Kenako m'thumba la malaya oyera munayamba kulira kanyimbo ka kutchalitchi.

Akapitawo anaizimitsa mosatekeseka, anamwetulira.

"Inde, ndinaimba ndine, alamu. Ndinaiwala kukuuzani, n'zazing'ono. Mtsikanayu anandipempha. Anali ataima pambali pangapa, akuti pulinta yavuta. Ine ndinangomuthandiza, osadziwa kuti ali ndi zolinga zake. Chifundo chinapha nkhwali."

"Anali pambali panu?"

"Pompa."

"Teni koloko?"

"Ndatero, mayi."

Mayi Nsapato anapisa pachifuwa, anatulutsa khadi la sikelo lopindika m'makona, analimenyetsa pa tebulo.

"Ine kuwerenga kumandivuta. Werengani inu, bwana, tsiku ndi chidindo. Achimwene, bukulo likuti chiyani?"

Mlonda anaimirira njo, anatsokomola.

"Lachiwiri, kalaliki, kutuluka 8:05, chifukwa: sikelo ya mwana. Kulowa 1:20. Chilolezo chotuluka anasayina akapitawo."

Bwana anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwina ndasokoneza tsiku," anatero akapitawo. "Kapena anandiimbira ali konko. Inde, anaimba, ndakumbukira."

"Anaimba, chabwino," anatero Mayi Nsapato. "Nanga anatambasula dzanja kuchokera kuchipatala n'kudzalemba pasiwedi pa tebulo lake 10:17? Ndamubereka ndine, manja ake ndi aafupi. Alipo anakhala pa mpando wake, anautsitsa chifukwa miyendo inkagunda tebulo, anatembenuza kiyibodi, anawerenga kapepala. Lolemba pa nkhomaliro anabweranso, podziwa kuti mwini mpando wapita kukayamwitsa. Mayi a kwaya, nthawi yanu ndi ino."

Wokolopa anasiya windo, anayandikira akuyang'ana pansi.

"Ine sindinena za anthu, bwana. Ndingoti zinyalala za pansi pa tebulo la kalaliki, za masiku awiriwo, zinali ngati izi." Analoza pansi pa mpando wa akapitawo. Panali timitengo titatu totafuna, mitu ili yonse.

Onse anayang'ana pansi, kenako anakweza maso mpaka pamlomo wa akapitawo. Iwo anachotsa kamachesi kaja pang'onopang'ono, anakayang'ana ngati akukaona koyamba, n'kusowa pokaika.

Mayi Nsapato anatulutsa nsapato yakumanja m'chikwama, anapatsa wokolopa osamuyang'ana n'komwe.

"Nonse tulukani," anatero bwana. "Iwe mlamu, ukhale mu ofesi mwako, makiyi a galimoto usiye pano. Mayi, inu ndi mwana wanu tsalani."

"Wamawaya atsalenso kaye. Kiyi uja akadali pa dzina la mwana wanga?"

"Akadalipo," anavomera Wamawaya.

"Muchotseni tikuona. Sitisunga katundu wa eni."

Bamboyo analemba mzere umodzi, anadina. Kalaliki analowa ndi dzina lake, anayesa kufufuta, makina anamukaniza. Anapuma mozama ngati watula mtolo wa nkhuni.

*

Chitseko chitatsekedwa, bwana anapukuta khosi ndi mpango.

"Mayi, mwandithandiza. Mwana wanu abwerere pa ntchito Lolemba. Masiku awiriwa sitimudula. Za apolisi zatha. Zinazi ndi za m'banja, tizikonza m'banja."

"Za mlamu wanu ndi matayala anu mudziwana ndi akazi anu, ine sizindikhudza. Ndabwerera dzina."

"Ndimulembera kalata yomuyeretsa."

"Kalata siimveka. Lachitatu simunalembe kalata, munaimirira pabwalo."

"Ndimukweza malipiro."

"Kuti anthu azinena kuti wakuba uja anamutseka pakamwa? Ayi."

"Chabwino. Ndiitana a mu ofesi muno, anthu asanu, ndinena."

"Lachitatu analipo angati?"

Kalaliki anayankha motsitsa: "Makumi atatu ndi awiri, ndi madalaivala."

Bwana anapukusa mutu. "Mayi, mukudziwa zomwe mukupempha? Ndikanena kuti si iyeyu, afunsa kuti nanga ndani. Mawa tauni yonse idziwa za m'nyumba mwanga."

"Za m'nyumba mwanga inadziwa Lachitatu. Wogulitsa anyezi anandipepesa ndisanamve n'komwe." Anakonza nsalu ya khanda, anagwira mwana wawo pamkono. "Tiye. Ntchito yawo akhale nayo. Khadi ndatenga, ndipo apolisi aja munati muwaitana masana ano tikawadikira pageti, tiwafotokozere tokha."

Anayenda osacheuka, monga amachitira pa kaunjika mwini bero la nsapato akaumitsa mtengo. Anadutsa chitseko, anadutsa tebulo la kalaliki, anafika pa masitepe. Mwana wawo ankakoka mkono.

"Amayi, ntchito..."

"Khala chete, yenda. Usacheuke."

Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu.

"Mayi! Tabwerani."

Belu la pabwalo linalira nthawi isanakwane. Anatuluka onyamula katundu, madalaivala, amakaniko manja ali bii ndi girisi, onse akudabwa. Bwana anaima pa sitepe yomweyo ya Lachitatu, anayang'ana nsapato zake.

"Pa nkhani ya matayala ija," anayamba chapansipansi, "zaoneka kuti panali kusamvetsetsana pang'ono..."

"Lachitatu simunati kusamvetsetsana," anadula Mayi Nsapato. "Munati wakuba, ndipo anamva mpaka a kuseri kwa malole. Liwu lomwelo, mphamvu yomweyo."

Wina kumbuyo anatsokomola pobisa kuseka. Bwana anakweza mutu.

"Kalaliki wathuyu si wakuba! Sanabe tayala, sanafufute kanthu. Ndinamunamizira ndine, pamaso panu, ndisanafufuze." Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Pepani, mayi. Ndinakulakwirani."

Amakaniko anayamba kuwomba m'manja. Kalaliki anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Mayi Nsapato anayang'ana khamu lonselo, anafuula kwa dalaivala amene anaima kutali kwambiri, pafupi ndi geti:

"Inu akumapeto, mwamva?"

"Tamva, mayi!"

"Basi, yakwana," anauza bwana. "Tilibenso nanu mangawa." Anamasula khanda kumsana, analipereka kwa make. "Yamwitsa msanga undipatse, ine ndibwerere ku benchi. Ndipo kapepala kaja ukakamatule lero lomwe, ndisanakumatule ndine."